Ubale wa zaumoyo ufike m'zigafa za ku Kasungu

Alimi a ku Chamama, Santhe ndi Chulu akamakweza mabelo a fodya kupita ku msika wa Chinkhoma, ochepa okha ndi amene amadziwa kuti ku America kuli chigawo chomwe chinakula ndi mbewu yomweyi. Dzina lake ndi North Carolina, ndipo mpaka lero ndicho chimalima fodya wambiri kuposa zigawo zonse za dzikolo. Sukulu yaukachenjede ya Duke inatukuka ndi chuma chimene James B. Duke, mwini makampani a ndudu, anapereka mu 1924. Ya Wake Forest inasamukira mumzinda wa Winston-Salem ndi ndalama za banja la Reynolds, nalonso la ndudu. Yachitatu, ya boma, ndi University of North Carolina ya ku Chapel Hill, yomwe anthu amangoti UNC, ndipo yakhala pa ubale ndi Unduna wa Zaumoyo kuno kwathu kuyambira mu 1990.

Ubalewu wabala zipatso, wokana zimenezo ngwabodza. Koma zipatsozo zagwera kwambiri mu Lilongwe ndi mu Blantyre. Maboma amene fodya wawo amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zomwe dziko lino limapeza pogulitsa katundu kunja amangomva fungo lake.

Kale Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kuwoloka nyanja, ndipo anthu a ku Kasungu amaidziwa bwino nkhaniyi. Mwana wawo, Hastings Kamuzu Banda, anamaliza maphunziro ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville mu 1937, nakawonjezera ena ku Edinburgh mu 1941. Anadwazika Angerezi ku Liverpool, North Shields ndi London, kenako anthu a ku Kumasi ku Ghana. Pobwera kuno pa 6 July 1958 anali atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo chinamubweretsa ndi ndale, osati jekeseni. Ngakhale ufulu utabwera, ambiri mwa achinyamata omwe boma linkawatumiza kunja sankabwerera.

Njira inasintha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ophunzira ankayambira ku St Andrews ku Scotland, n'kupitiriza m'zipatala za ku London, koma chaka chomaliza ankadzachitira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo madokotala ake oyamba anatuluka mu 1992. Mmodzi mwa amene analimbikira kuti sukuluyi ikhalepo anali Pulofesa John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS.

Alendo anafika m'nyengo yomwe njirayi inkasintha. Terrie Taylor wa ku Michigan State University anayamba kafukufuku wa malungo aakulu a ana ku Blantyre mu 1986, pamodzi ndi Malcolm Molyneux, ndipo njira yawo yoyezera kukomoka kwa mwana, Blantyre Coma Score, ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. A Johns Hopkins anakhazikika ku Queen Elizabeth mu 1989, a Liverpool ndi Wellcome mu 1995.

A UNC iwo anasankha Lilongwe. Anayamba ndi ntchito yosapatsa ulemu kwenikweni, yothandiza boma kulemba ndondomeko yochizira matenda opatsirana pogonana. Mu 1997 Myron Cohen, Irving Hoffman ndi anzawo a ku Malawi anaonetsa kuti kuchiza chinzonono kumachepetsa kachilombo ka HIV mu umuna. Mu 2003 anatsegula nyumba ya Tidziwe pa chipatala cha Kamuzu Central. Kafukufuku wotchuka kwambiri ndi wa HPTN 052, momwe munali mabanja 1,763 a m'mayiko 9, ena mwa iwo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Zotsatira zake mu 2011 zinati munthu akayamba msanga kumwa ma ARV, chiopsezo chopatsira mnzake kachilomboka chimatsika ndi 96 pa 100 aliwonse. Mfundo yoti aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo inachokera pa umboni ngati umenewu. Katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwanso pa ana a mu Lilongwe, ndipo pa 23 April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kumupereka m'masikelo.

Chofunika kuposa zonsezi ndi anthu amene anaphunzitsidwa. Kuyambira mu 2009 madokotala amaphunzira ukatswiri wa opaleshoni pa Kamuzu Central pomwepo, mothandizidwa ndi UNC ndi chipatala cha Haukeland cha ku Bergen ku Norway. Mu 2011 panatsegulidwa labotale younikira zotupa, pomwe kale kanyama kodulidwa pa chotupa kankayenda ulendo wa ku Blantyre wodwala akudikira. Dr. Tamiwe Tomoka, mayi woyamba m'dziko muno kukhala katswiri wounika zotupa, ndi mmodzi wa atsogoleri a ntchito imeneyi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa kalumoko kanasiyidwa m'manja mwa eni mudzi.

Tsono funso nlakuti kalumoko kakumeta ndani. Boma la Kasungu lili ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Wodwala wa ku Simlemba kapena ku Kaluluma wofunika katswiri amayamba wafika pa chipatala chachikulu cha pa boma, kapena cha mishoni ku Nkhamenya, kenako n'kudikira ambulansi yoti iyende makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ngati mafuta alipo. Amene amanyamula katundu yense wa m'maboma ndi makiliniko ofesa, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, koma maphunziro apamwamba a m'maubale amenewa amawafika mwa apo ndi apo, kawirikawiri ngati msonkhano wa masiku atatu kunyanja.

Palinso nkhani ya matenda amene amasankhidwa. Ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera ku boma la America ndi mabungwe a ku Ulaya, ndipo zimatsata edzi, malungo, TB ndi khansa. Onsewa ndi matenda enieni, akupha anthu ku Kasungu komwe. Koma m'munda wa fodya muli nthenda ina yomwe simveka m'misonkhano. Tsamba likanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunuka n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu la wothyola. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru, kusanza ndi kufooka, nthawi zambiri kwa tsiku limodzi mpaka masiku atatu. Tsoka lake, fodya amathyoledwa kuyambira Januwale mpaka Malichi, miyezi yomwe malungo ali pachimake komanso nkhokwe zili mbee. Wodwala wotere akafika pachipatala chaching'ono chopanda zoyezera, n'zosavuta kumuganizira malungo kapena njala, ndipo mawa lake amabwerera m'munda ndi malaya omwe aja onyowa.

Mu 2009 bungwe la Plan International linacheza ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba, ndipo lipoti lake linati pa tsiku la chinyontho mwana angathe kulowedwa ndi nikotini wofanana ndi wa ndudu 50. Mu Novembala 2019 boma la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi yokakamiza antchito. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti, ngakhale kuti lamulo la papepala ndi moyo wa pa esiteti siziyenda liwiro limodzi. Mu 2023 Malawi linalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya, lomwe lili ndi gawo lokhudza umoyo wa olima.

Chodabwitsa n'chakuti akatswiri a nthenda ya tsamba lonyowayi ali ku North Carolina komweko. Madokotala a kumeneko anailemba m'ma 1970, ndipo Thomas Arcury ndi Sara Quandt a ku Wake Forest akhala zaka zambiri akuifufuza pakati pa aganyu ochokera ku Mexico. Njira zopewera zimadziwika ndipo nzotsika mtengo: kudikira mame akamuke, kuvala zoteteza manja ndi thupi, kusintha zovala zonyowa, kusamba ndi sopo. Chosowa ndi munthu wozisandutsa phunziro la namwino wa ku Santhe ndi mlangizi wa ku Wimbe, komanso wowerenga kuti vutoli ndi lalikulu bwanji kuno.

Ena amati kafukufuku wapamwamba sangachitike kumudzi chifukwa cha magetsi, nyumba ndi sukulu za ana a akatswiri. Umboni wa m'dziko momwe muno ukuwatsutsa. Ku Chilumba m'boma la Karonga, a London School of Hygiene and Tropical Medicine anayamba kafukufuku wa khate mu 1979 ndipo ntchitoyo ikadalipo pansi pa dzina la MEIRU. Chipatala cha Rumphi chinayesa mankhwala akumwa a kaodzera otchedwa fexinidazole, omwe anavomerezedwa ku Ulaya kuti azichiza mtundu wa kaodzera wa kuno mu Disembala 2023, ndipo kaodzera yemweyo amavutitsanso midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu. Ku Mangochi, KUHeS imaphunzitsa madokotala a mabanja pa chipatala cha boma. Ku Neno, komwe msewu wake ndi wodziwika ndi kuvuta, a Partners In Health alipo kuyambira mu 2007.

Chaka cha 2025 chinaphunzitsanso china. Boma la America litaimitsa chithandizo chakunja mu Januwale, ntchito zambiri zaumoyo zinagwedezeka, antchito ena n'kuuzidwa kuti akhale kunyumba. Maphunziro odalira thumba la mlendo lokha amatha tsiku lomwe mlendoyo wasintha boma kwawo. Pa belo lililonse logulitsidwa ku Chinkhoma pamadulidwa ndalama za msika, za mabungwe a alimi ndi za kafukufuku wa mbewu. Kafukufuku wa tsamba ali ndi gawo lake, koma wa thupi la wothyola tsambalo alibe.

Unduna wa Zaumoyo ndi KUHeS, pokambirana mapangano atsopano ndi UNC kapena sukulu ina iliyonse yakunja, aikemo mfundo yoti ophunzira ukatswiri azikhala miyezi yokwanira pa chipatala cha Kasungu, ndipo makiliniko ofesa ndi anamwino a m'bomalo azipeza malo m'maphunzirowo. Aphungu a ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Mzimba afunse ku Nyumba ya Malamulo kuti kagawo ka ndalama zodulidwa pa msika wa fodya kazilipirira ntchito imeneyi, nyengo yothyola ikubwerayi isanafike.