Kilo ya tiyi imalembedwa, nanga mwana?

Ndakhala chete kwa kanthawi, mundikhululukire, kuchonga mayeso kunandipanikiza. Lero ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundidya mumtima, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu aphunzitsi anzanga munena kuti si ya ife a ku sekondale. Werengani kaye, munditsutse pambuyo.

Aliyense amene anakulira kuno ku Thyolo amadziwa za sikelo ya kumunda wa tiyi. Mayi akatchola masamba amapita nawo pasikelo, kalaliki amalemba makilogalamu pa nambala ya mayiyo, kapitawo ali pomwepo. Palibe kilo imene imasowa mwini wake. Izi sizinayambe lero. Satemwa inayamba mu 1923, ndipo ngakhale nthawi ya thangata, amene anathetsedwa mu 1962, masiku a agogo athu ankachongedwa patikiti. Kulemba zinthu m'buku timakudziwa kuno. Koma mwana wa mayi yemweyo, amene wasiyidwa ku mkombaphala mbandakucha, kawirikawiri alibe buku limene likunena zoona za iye. Tsamba la tiyi timalisamala kuposa mwana.

Ndikuuzeni chimene chinanditsegula maso. Mu 2022 mtsikana wina wa Fomu 2, wanzeru pa masamu, anangosiya kubwera. Titafufuza tinamva kuti amalume ake amupezera mwamuna. Tinapita kwa amfumu ndi ahedi. Ine ndinali wolimba mtima chifukwa lamulo la maukwati la 2015 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi. Amalume aja sanakangane nafe. Anangoti, "Aphunzitsi, taonani m'buku lanu lomwe." Tinaona. Fayilo yathu inati anabadwa mu 2004. Zaka 18 zakwana.

Mayi ake ankalira kuti si zoona, mwanayo anabadwa njala ya 2005 itadutsa, chimanga chatsopano chili m'nkhokwe. Koma khadi la kusikelo linawola ndi mvula kalekale, chiphaso cha kubadwa analibe, chitupa cha unzika anali asanatenge. Chaka cha 2004 chinachokera kuti? Mayiyo atasamuka kukafuna ntchito ku esiteti ina, mwana analowa Sitandade 4 pasukulu yatsopano wopanda kalata. Amene ankalemba anangomuyang'ana msinkhu, nalemba chaka cha m'mutu mwake. Bodza limenelo linayenda naye kupyola mayeso a Sitandade 8 mpaka kufika pa desiki yanga, ine nkumalikopera chaka ndi chaka osafunsa.

Amene anamupulumutsa si ine ndi dipuloma yanga. Anali gogo wina amene ankalera ana pa mkombaphala wa kutchalitchi, munthu woti sukulu analekezera ku pulayimale. Anatulutsa m'chikwama cha pulasitiki kope lakuda ndi utsi, la 2009. Munali dzina la mwanayo, dzina la mayi ake, mudzi, ndi tsiku lobadwa la mu 2006. Gogoyo anati sankalemba mwana asanaone khadi la kusikelo ndi maso ake. Amfumu anavomereza kopelo, a zachitetezo cha ana anabwera, ukwati unaimitsidwa, mtsikana anabwerera m'kalasi.

Chichitikireni zimenezi ndimati ndikadutsa pa mkombaphala ndimapempha kuona kaundula. Zimene ndaona zandikwiyitsa. Pena kaundula kulibiretu, ana amawerengedwa ndi makapu a phala. Pena mwalembedwa maina a chibwana okhaokha, opanda dzina la bambo kapena la mayi. Pena pa malo a zaka angolemba 4 kwa ana onse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pamalo ena ndinapeza maina oposa 100 pamene ana okhala pamphasa sanafike theka lake. Nditafunsa, wa komiti anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, maina akachepa ufa umachepanso." Ana amene anapita ku Sitandade 1 zaka ziwiri zapitazo akadali m'buku, akudyabe phala la papepala.

Musaganize kuti ndi vuto la mudzi umodzi. Mu 2011 ofufuza a ntchito ina yothandizidwa ndi World Bank anayendera sukulu za mkombaphala m'maboma a Thyolo, Balaka, Dedza ndi Nkhata Bay. Anapeza kuti pafupifupi theka la malo amene anali pa mndandanda sanali kugwira ntchito, ndipo chifukwa chachikulu chinali kusowa kwa chakudya. Ngati mndandanda wa sukulu zenizenizo unali wotero, nanga wa ana? Dziko lino lili ndi ndondomeko ya maleredwe a ana aang'ono kuyambira 2003, ina yatsopano inatuluka mu 2017. Mapepala a ku Lilongwe ndi abwino. Koma ndondomeko imene maziko ake ndi manambala ongopeka ili ngati nyumba yomangidwa pa chulu cha chiswe.

Tsono ndiloze chala, ndipo ndiyambe ndi amene amabwera pa galimoto. Mabungwe ndi maofesi aphunzitsa anthu athu kuti kaundula ndi chinthu cholembera mlendo. Aliyense amabwera ndi fomu yake, amafuna chiwerengero cha anyamata, cha atsikana, cha ana amasiye, nkumapita. Sindinamvepo mmodzi akuti tiitane maina tione ngati ana alipo. Ukamapereka ufa potengera maina osawerenga mitu, usadabwe maina akamabereka. Ndipo amene amavutika ndi mkombaphala wachilungamo wa kutsidya, umene unalemba ana 40 enieni nkulandira zochepa.

Achiwiri ndi boma. Alezi ambiri ndi ongodzipereka, salandira kanthu, ndipo ambiri sanapiteko ngakhale ku maphunziro a masabata awiri aja. Mayi wotere amasiya dimba lake kukalera ana a eni, kenako timuuze kuti agule yekha kope ndi cholembera? Sukulu za mkombaphala zili pansi pa unduna woona za jenda ndi ana, pamene pulayimale ili pansi pa unduna wa zamaphunziro. Mwana akamachoka uku kupita uko amawoloka yekha, mbiri yake imatsala tsidya lino. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010 linayamba kugwira ntchito mu 2015 ndipo limati mwana aliyense wobadwa alembetsedwe ku NRB. Ndi lamulo labwino, koma funsani makolo a kumalaini kuti ndi angati ali ndi chiphasocho m'manja. Kufikira tsiku limene aliyense adzakhale nacho, kope la mlezi ndiye mboni yoyamba ya mwana wosauka.

Achitatu ndi ife aphunzitsi. Ambiri tinalowa Sitandade 1 pogwira khutu, dzanja litadutsa pamutu. Timaseka tikamakumbukira, koma mchitidwe wongoyerekeza zaka sunathe, unangosintha maonekedwe. Timalandira mwana wosamuka popanda kufunsa kumene wachokera. Timalemba chaka chimene chikugwirizana ndi kalasi kuti fomu ya MANEB idzadze msanga. Timanyoza alezi kuti ndi osaphunzira pamene gogo uja anatiposa tonse kusamala.

Ndikudziwa zimene ena munena. Mnzanga wina mu sitafu anandiuza kuti, "Achimwene, ana akufuna phala, inu mukuti kope? Pepala amadya?" Sadya, ndikuvomera. Mwana wanjala saphunzira, ndipo mkombaphala wopanda phala umatsekedwa. Koma phala limagawidwa potengera pepalalo. Katemera akabwera, alangizi a zaumoyo amafuna kudziwa ana ali kuti. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, mabanja ambiri kuno kummwera anataya makadi ndi zitupa zonse, ndipo pamene panatsala buku lolembedwa bwino mpamene panali poyambira. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. M'dera ngati lathu, kumene nyengo ya mvula ikafika manja otchola tiyi amafunika ambiri, lamulo limeneli lingateteze bwanji mwana amene zaka zake zimasintha malinga ndi amene akufunsa?

Wina anati makolo a kuno ndi oyendayenda, lero ali ku Makwasa, mawa ku Bvumbwe, mkuja ku Mulanje, ndiye kulemba nkutaya nthawi. Ine ndikuti chimenecho ndiye chifukwa cholembera. Mwana wokhazikika pamudzi amadziwika ndi aliyense, ngakhale agogo a khomo loyandikana angakuuzeni mwezi umene anabadwa. Wosowa mboni ndi mwana wa mayi waganyu amene wagona m'malaini atatu asanakwane zaka 6.

Palinso amene amaopa kuti maina a ana akalembedwa adzagwera m'manja olakwika. Mantha amenewa ndi oona. Ndaonapo kaundula ali pawindo, wina aliyense nkumatsegula, mutalembedwa kuti mwana uyu ndi wamasiye, uyu amamwa mankhwala. Ndaonanso alendo akujambula masamba ake pafoni osapempha. Chimenecho ndi chipongwe. Buku la ana lizikhala lotsekeredwa, aziliona mlezi, wapampando wa komiti, kholo la mwanayo ndi wa boma amene ntchito yake ikumulola. Za matenda a mwana zisalembedwe m'buku loitanira maina.

Chimene ndikupempha si kompyuta kapena intaneti. Ndi kope limodzi lachikuto cholimba pa mkombaphala uliwonse. Mulembedwe dzina lonse la mwana, tsiku lobadwa lokopera pa khadi la kusikelo kapena pa chiphaso, dzina la womulera ndi kumene akukhala, tsiku limene walowa, tsiku limene wachoka ndi kumene wapita. Ngati khadi palibe, alembe poyera kuti zaka nzongoyerekeza, kuti wobwera pambuyo asatenge chopeka ngati choona. Maina aziitanidwa tsiku lililonse, ndipo mwana akasowa sabata yathunthu wina apite kwawo. Mwana akakwana zaka 6 azipita ku Sitandade 1 ndi kakalata kochokera m'bukumo, ndipo ahedi a pulayimale azikafunsa. Ma esiteti amene ali ndi malo osungirako ana a antchito ali kale ndi makalaliki odziwa ntchito, sangalephere kubwereka mmodzi tsiku limodzi pa teremu kuti athandize alezi a midzi yozungulira.

Inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, ambiri tsopano ndinu makolo, ena anamwino, ena makalaliki pa ma esiteti omwewa, ena muli ku Johannesburg. Mukapita kumudzi kafunseni kaundula wa pa mkombaphala pamene pali mwana wanu kapena wa mlongo wanu. Onani ngati dzina lake lalembedwa bwino ndiponso ngati tsiku lobadwa likugwirizana ndi khadi. Mukapeza kope latha, gulani lina, mtengo wake sufika pa mayunitsi amene mumathera pa Facebook. M'mera mpoyamba.

Inu aphunzitsi anzanga, teremu ino tsegulani mafayilo a Fomu 1, muitane ana mmodzimmodzi, muwafunse ngati chaka cholembedwacho ndi chimene amayi awo amadziwa. Ine ndinachita zimenezi chaka chatha ndipo ndinachita manyazi ndi zimene ndinapeza. Amene mukuona kuti ndalakwitsa, tikakumana pa boma Loweruka mudzandiuze pamaso.