Nkhuku Yoweta Sagula Pamsika

Mwambi uwu akuluakulu amakonda kuuponyera mnyamata amene wayamba kufuna mbeta, pomuchenjeza kuti mkazi womanga naye banja amamufuna kumene khalidwe lake ndi la makolo ake likudziwika. Koma mawuwa adabadwira kukhola. Nkhuku ya pamsika imakhala itagona m'dengu limodzi ndi zinzake zochokera m'midzi yambirimbiri, ndipo ikafika pakhomo imatha kubweretsa chitopa chosesa khola la mwini wake pamodzi ndi la mnansi. Akale adaona kuti nkhuku imakhala ya munthu mmodzi, koma ikadwala kapena ikalakwa nkhaniyo imakhudza mudzi wonse.

Masiku ano adzukulu ambiri akukhala ku Chilomoni, ku Area 25, ku Chinamwali ndi ku Chibavi. Ena mwa iwo akamva kuti khonsolo ya mzinda ili ndi chonena pa nkhuku za kuseri kwa nyumba amapsa mtima, n'kumati amenewo ndi malamulo a azungu, osadziwa chikhalidwe. Kumeneko ndi kuiwala kwawo. Kumudzi nkhuku sinkayenda yopanda lamulo ayi. Ikafukula nazale kudimba, kapena ikamwaza ufa woyanika pamphasa, mwini wake ankapita yekha kukapepesa. Ikabwereza, nkhani inkafika kwa anyakwawa. Nayenso wopsa mtima amene wagenda nkhuku ya mnzake n'kuithyola mwendo sankapulumuka, poti kubwezera ndi manja ako udali mlandu wina. Ndipo chindapusa cha milandu ing'onoing'ono yotere nthawi zambiri chinkakhala nkhuku yomweyo.

Chimene chasintha m'tauni ndi malo komanso woweruza. Mapoloti ndi opanikizana, zenera la kuchipinda kwa mnansi layang'anizana ndi khola, ndipo mnansiyo si mbale amene angapirire chifukwa cha magazi. Pamene padali bwalo la amfumu tsopano pali khonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo othetsa zosowetsa mtendere, ndipo malamulowo amayamba kugwira ntchito nduna ikawavomereza. Choncho munthu wosamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe asaganize kuti chimene ankachita uko n'chololedwanso kuno. Safunsa adadya phula. Ofesi ya zaumoyo ku khonsolo ndiyo yoyenera kufikako msomali woyamba wa khola usanakhomedwe.

Palinso lamulo la zaumoyo wa anthu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1948, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Ngakhale lidalembedwa ndi atsamunda, nzeru yake pankhani iyi mfumu iliyonse ikadaivomereza. Silidaletse chiweto, lidatsutsa kasungidwe koipa. Chiweto chosungidwa monunkhitsa kapena moika moyo wa anthu pachiswe lidachiwerengera m'gulu la zosautsa, ndipo lidati wolakwa ayambe wapatsidwa chidziwitso choti akonze, akakana ndiye nkhani ipite kwa majisitireti. Kodi si momwemo ankachitira kumudzi, kuyamba ndi chenjezo, bwalo pambuyo? Wokhala m'nyumba ya lendi ali ndi lamulo linanso, pangano lake ndi eni nyumba. Khonsolo ingalole, koma eni nyumba akakana nkhani yathera pomwepo.

Mkangano weniweni kawirikawiri sukhala pa misoti isanu yachikuda kapena ya mikolongwe. Umabuka munthu akasandutsa kuseri kwa nyumba kukhala famu. Nkhuku zoyera zanyama zimakhwima m'masabata 6 okha, ndipo phindu lake lakopa anthu ambiri, makamaka opuma pantchito. Palibe cholakwa kufuna ndalama ya sukulu ya ana. Koma nkhuku 300 m'chipinda chimene adamangira wantchito zimatulutsa zitosi zosati masewera. Mvula ikagwa utuchi wonyowa umanunkha mpaka nyumba yachitatu, ntchentche zimatera pansima ya anthu osalakwa, makoswe amatsata chakudya, ndipo madzi otsukira nkhuku zophedwa amayenda m'ngalande momwe ana amasewera. Walira mvula walira matope. Amene wasankha malonda avomerenso zotsatira zake: chiphaso cha malonda, kuyendera kwa a zaumoyo, ndi malo otayira zinyalala. Kubisala kuseri kwa chikhalidwe apa n'kunamizira makolo, pakuti palibe gogo amene adasungapo nkhuku 300 pansi pa zenera la mnzake.

Za tambala n'zosavuta. Mbalameyi dziko lino limailemekeza, mpaka ndalama yaing'ono idatchedwa dzina lake pamene kwacha idayamba mu 1971. Komabe namwino wochokera ku ntchito ya usiku salemekeza tambala wolira pa 3 koloko m'bandakucha. Thadzi limaikira mazira popanda tambala. Iye amafunika pokhapokha ngati munthu akufuna anapiye.

Pa chitopa ndiye pamene mpanda suthandiza konse. Matendawa, amene madokotala a ziweto amawatchula dzina la mzinda wa Newcastle ku England komwe adaoneka mu 1926, alibe mankhwala ochiza, ndipo amavuta kwambiri m'chilimwe. Katemera alipo, wotchedwa I-2, wodonthezera dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi inayi iliyonse. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, n'chifukwa chake amafika ngakhale kumadera opanda magetsi. Woweta amene satemera, kapena amene amaponya nkhuku yakufa kudzala m'malo moikwirira kapena kuitentha, akuphera anzake ziweto. Amene amaona ngati boma limangovutitsa anthu pa matenda a mbalame akumbukire za ku South Africa mu 2023, pamene chimfine cha mbalame chidaphetsa nkhuku mamiliyoni ndipo mazira adasowa m'masitolo.

Nawo makhonsolo asadzione oyera. Kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo anthu adazolowera kusadziwa kuti malamulo a mzinda amapangidwa ndi yani. Malamulowo amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo mayi wa ku Ndirande amayamba kuwamva tsiku limene amuopseza ndi chindapusa. Amfumu ankalengeza lamulo pabwalo anthu onse akumva. Khonsolo nayo imasulire malamulo ake m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, iwapachike m'misika, iwaulutse pawailesi, ndipo isiyanitse momveka woweta zapakhomo ndi wochita malonda.

Kuletseratu nkhuku m'tauni, monga ena amafunira, kungakhale kulakwa kwakukulu. Pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti. Apongozi akabwera kudzacheza amayembekezera kumva nkhuku ikulira kuseri, ndipo nthutumba iyenera kupezeka m'mbale yawo. Mwana wokulira ku Kawale ayenera kuonako thadzi likufungatira mazira masiku 21 mpaka anapiye ataswa. Zonsezi zimatheka ndi khola lokwezeka, lotalikirana ndi zenera la mnansi, losesedwa kawirikawiri, zitosi n'kumapita kukathira ndiwo zamasamba, nkhukuzo zili mkati mwa mpanda wa mwini wake.