Bwana atenge nambala, koma asatenge usiku wanu

Inu amene musewenza ku Industrial Area ya Kafue muidziwa fomu ija ya tsiku loyamba: dzina, NRC, kumene mukhala, wacibale wapafupi, nambala ya foni. Palibe amene amakana kulemba. Munthu wasakila nchito miyezi yambiri, angakane bwanji? Ngakhale anzathu a piece work oimirira pa geti m'mamawa amasiya nambala kwa kapitao, cifukwa ndiye njira yowaitanira mawa.

Ise sitikuti muzikana. Kafue ndi tauni ya mafakitale, ya feteleza wa Nitrogen Chemicals of Zambia ndi zitsulo za Kafue Steel. Kulikonse kumene kuli makina, ng'anjo ndi mankhwala, ngozi ikacitika kapena shifiti ikasintha, abwana afunika kukupezani. Nambala apatseni. Funso ndi lakuti akaitenga, aloledwa kucita nayo ciani?

Sitiloza kampani iliyonse cala, koma mcitidwewu muudziwa. Mwakomboka 17 hours, mwafika ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound, mwasamba, nsima ili pa mbale, foni yalira: mnzanu sanabwere, bwererani. Pa Sondo muli mu chalichi, uthenga walowa pa gulu la WhatsApp la ku nchito. Malaiti apita, foni yazima, m'mawa ndinu wolakwa cifukwa simunayankhe. Foni munagula mweka, talktime ndi bundle mugula mweka, koma ikusewenzera kampani.

Lamulo la Employment Code Act la 2019 likamba momveka. Tsiku la nchito ndi maola 8. Wanchito akapitirira maola 48 pa sabata, ola lililonse lowonjezera alipidwe limodzi ndi hafu, ndipo pa tsiku lopuma kapena la holide alipidwe kawiri. Manje ngati foni yakucotsani pa mphasa kukubwezerani ku makina, amenewo ndi maola a nchito. Alembedwe, aoneke pa payslip.

Cinanso, nambala ya masiku ano si yongolankhulirapo cabe. SIM yanu inalembetsedwa ndi NRC yanu, monga mwa malamulo a ZICTA. Pa nambala yomweyo ndi pamene pali Airtel Money kapena MoMo, ndalama ya lendi ndi ya ana ku sukulu. Pepala la manambala likamatidwa pa cipupa kapena kusiyidwa pa geti, aliyense angalijambule, kuphatikizapo akawalala aja a mauthenga akuti tumizani ndalama pa nambala iyi. Azimayi nawo adziwa zimene zimacitika kapitao wopanda khalidwe akapeza nambala: mauthenga a usiku osakhudza nchito, ndipo ukakana, dzina lako lisowa pa shifiti.

Apa napo lamulo lilipo. Data Protection Act ya 2021 ikuti zinthu zokhudza munthu zitengedwe pa cifukwa codziwika, zisungidwe bwino, ndipo zisasewenzetsedwe pa zina. Nambala imene munapereka cifukwa ca ngozi si ya kugawira aliyense.

Maiko ena anapita patsogolo. Ku France, kuyambira pa 1 January 2017, makampani a anchito 50 kupita pamwamba afunika kukambirana ndi anchito ao za ufulu wozimitsa foni akakomboka. Ku Australia, kuyambira mu August 2024, wanchito angakane kuyankha abwana kunja kwa maola a nchito, pokhapo ngati kukanako kulibe cifukwa comveka. Mafakitale ao sanatsekedwe. Nanga wanchito wa ku Kafue alibe banja? Safuna tulo?

Tipempha Unduna wa Zanchito ndi aphungu ku Nyumba ya Malamulo kuti aike zinthu zitatu m'lamulo. Coyamba, nambala ya wanchito ikhale ku ofesi yolemba anchito, osati pa cipupa. Caciwiri, kampani yofuna munthu wopezeka usiku ndi usana imupatse foni ndi talktime, ndipo imulipire nthawi yodikira kuitanidwa. Cacitatu, pasakhale kudula malipiro kapena kucotsa munthu nchito cifukwa sanayankhe foni pa nthawi yake yopuma. ZCTU ndi mabungwe a anchito asadikire lamulo, aike zimenezi m'mapangano ao ndi makampani.

Inu, yambani lelo. Popereka nambala, funsani kuti aisunga ndani. Mukaitanidwa kunja kwa maola, musafafanize call log kapena uthenga. Lembani mu kabuku tsiku, nthawi imene munalowa ndi imene munatuluka. Kumapeto kwa mwezi linganizani ndi payslip. Maola akasowa, tengani kabukuko kwa woimira anchito wanu kapena ku ofesi ya Labour, ndipo musapite mweka, tengani anzanu amene anaitanidwa usiku womwewo.