BATIRE LAKUTHA LIBWERERE KUMENE LINACOKERA

M'midzi ya ku Katete, Petauke, Lundazi ndi Chadiza mdima sulamulanso monga kale. Nyali za sola, matochi ochaja, mawailesi ndi malamya a m'manja zalowa m'nyumba zambiri. Cilala ca 2024, cimene cinacepetsa madzi ku Kariba ndi kusowetsa magetsi, cinathamangitsira ngakhale anthu a m'tauni ku zipangizo zomwezi. Ici ndi citukuko, ndipo palibe angacikane.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. M'cipangizo ciriconse muli batire, ndipo batire lirilonse, ngakhale lochaja, liri ndi tsiku lace lakufa. La m'lamya limayamba kufooka likatumikira zaka ziwiri kapena zitatu. Tsono likatha, mwini wace amaliponya kudzala, m'cimbudzi kapena pamoto wa zinyalala. Lina amatola ana ndi kuliswa ndi mwala kuti aone za m'kati.

Njira zonsezi nzoopsa. Batire la lithiyamu, limene liri m'malamya ndi m'nyali zambiri za sola, likabooledwa kapena kutenthedwa limayaka mwadzidzidzi ndi kutulutsa utsi woipa, ndipo denga la udzu silicedwa kugwira moto. Mabatire ochaja a mtundu wakale ali ndi kadimiyamu, citsulo cimene cimaononga impso ndi kufewetsa mafupa. Mabatire olemera a magetsi a sola a panyumba, pamodzi ndi a m'matochi ena ochaja, ali ndi mtovu. Za mtovu Zambia safunika mphunzitsi wocokera kunja: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi, ndipo ana ambiri a kumeneko apezeka nao m'magazi. Citsulo siciola monga gaga kapena mapesi. Cikakwiriridwa pafupi ndi citsime kapena dimba, cimadikira mvula kuti icitengere kumadzi.

Cinanso ndi ici: cimene cikutayidwa kudzala ndi cuma. M'batire la lamya muli mkuwa, kobalti ndi lithiyamu. Amuna amatsika pansi pa nthaka ku Copperbelt kukakumba mkuwa, ndipo mu 2022 Zambia ndi Congo anapangana zogwirira pamodzi nchito yopanga mabatire a galimoto zamagetsi. Nzosamveka kuti dziko lokumba zitsulo ndi thukuta lotere lizikwiriranso m'cimbudzi zikabwerako. Zitsulozi zikasungunulidwa ndi kuyengedwa m'mafakitale oyenera zimagwiranso nchito monga zatsopano.

Maiko a European Union anaika lamulo mu 2023 lakuti pofika kumapeto kwa 2027 mabatire ang'onoang'ono 63 pa 100 alionse azisonkhanitsidwa, ndipo pofika 2030 akhale 73. Mtolo wa nchitoyi anausenzetsa opanga ndi oitanitsa mabatire, ndipo masitolo ogulitsa amalandira akutha popanda kulipiritsa munthu.

Nzeru imeneyi si yacilendo kumudzi. Akulu akumbukira bwino za mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Botolo lopanda kanthu linali ndi mtengo wace. Mwana ankalitola, wagolosale ankalilandira, ndipo lole imene inabweretsa odzaza inkabwerera ndi opanda kanthu. Panalibe wolalikira za ukhondo, koma botolo silinkagona kudzala, cifukwa linali ndalama. Batire liyenera kuyenda momwemo. Msewu wa Great East umene umalibweretsa kucokera ku Lusaka ndi womwewo ungalibwezere.

Motero udindo woyamba uli pa amalonda oitanitsa malamya ndi nyali. Amene wapeza phindu pogulitsa asathawe zotsalira. Sitolo iriyonse yogulitsa zipangizozi ikhale ndi bokosi lolandirira mabatire akutha, ndipo wobweretsa lakale acotseredweko pa mtengo wa latsopano. Okonza malamya pamsika, amene mabatire akufa amaunjikana pa matebulo ao, ndiwo oyenera kuyambira.

Udindo waciwiri uli pa Boma. Bungwe la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la zacilengedwe la 2011, ndilo liyang'anira zinyalala zoopsa. Mu 2018 kunatuluka malamulo opatsa opanga ndi oitanitsa katundu udindo pa zinyalala zao, amene ambiri amawadziwa cifukwa coletsa mapulasitiki opyapyala. Mphamvu yomweyo iyenera kuoneka pa mabatire, ndipo isathere m'Lusaka mokha. Khonsolo ya boma lirilonse ipatule malo ouma ndi otetezeka osungirako, kufikira atatengedwa ndi ovomerezeka kugwira nchitoyi. Kuuza mlimi kuti asataye batire koma osamuonetsa kokalisiya ndi kumsenzetsa mlandu wa eni ace.

Pamene izi zikudikiridwa, banja lirilonse lingacite mbali yace. Batire lakutha lisaponyedwe pamoto, m'madzi kapena m'cimbudzi. Timitu tace tacitsulo timatidwe ndi tepi kuti tisakhudzane ndi tina, ndipo lisungidwe m'citini ca mcenga wouma, pamthunzi, kutali ndi ana, nkhokwe ndi denga la udzu. Batire lotupa kapena lotentha mosadziwika bwino lisachajidwenso. Madzi a m'batire la mtovu asathiridwe pansi, ndipo mtovu wace usasungunulidwe pakhomo. Mafumu, anyakwawa ndi aziphunzitsi anene mau awa pamisonkhano, monga anenera za katemera ndi za zitsime.

Kuunika kwafika kumudzi, ndipo nkwabwino kuti kukhalitse. Koma munda ndi citsime ndizo cuma cimene makolo asiyira ana ao. Ngati wogulitsa, Boma ndi wogula atagwirizana kuti batire lizibwerera m'njira imene linadzera, mudzi udzakhala ndi nyali usiku ndi madzi abwino m'mawa.