Za Ana Oopa Masamu

Inu atate ndi amai, tatcherani khutu. Tsiku lina pamsika tinaona kamtsikana ka zaka 10 kalikugulitsa matimati a amake. Wogula anatenga milu itatu ya K500, napereka K2,000, ndipo mwanayo anabweza K500 asanaphethire n'komwe. M'mawa mwake kusukulu mphunzitsi analemba samu yomweyo pabolodi, namuimiritsa pamaso pa anzake. Mwana anangoti kakasi, manja ali njenjenje. Kodi nzeru zake zinathawa usiku umodzi?

Sizinathawe ai. Pochita samu munthu asunga manambala m'mutu kanthawi kochepa, ndipo malo osungirawo ndi aang'ono ngati chikhato. Mantha akalowa adzaza malowo ndi maganizo akuti, "Ndilakwa, andiseka, andikwapula," ndipo nambala imene mwana anaigwira itayika. Akalakwa mantha akula, mantha akakula aleka kuyesa, nakhala kumbuyo kwa kalasi, mutu uli weramu. Pofika mayeso a Sitandade 8 anthu amati alibe mutu wa masamu, pamene iye angokhala ndi mtima wothyoka.

Tsono mantha amenewa achokera kuti? Ena awatenga ku ndodo ya mphunzitsi, koma ambiri awatenga pakhomo pathu pomwe, ngakhale kunena kotere kutiwawa. M'chaka cha 2015 akatswiri a ku University of Chicago, ku America, anapeza kuti makolo oopa masamu akamathandiza kawirikawiri ana ao ntchito ya kusukulu, anawo aphunzira masamu pang'ono m'chakacho, nayamba kuwaopa iwonso. Ifenso tamva kambiri amai alikuuza mwana wao wamkazi kuti, "Masamu ndi a anyamata, nanenso anandikanika." Anena mwachifundo, inde, koma mwanayo amva kuti chitseko chatsekedwa.

Sitikuti mudziyese aphunzitsi. Pokolola, mwana ndiye awerenge matumba a chimanga, nanene otsala mutagulitsa awiri. Madzulo agogo amkhazike pa bawo: maenje 32 aja ndi njere 64 zija ndi masamu enieni, ndipo palibe mwana anjenjemera pamenepo. Akabwera ndi kope lodzala zothetha zofiira, musayambe ndi kukalipa. Mumfunse kuti, "Tandisonyeza, unayenda bwanji apa?" Kawirikawiri mudzapeza kuti njira yonse anaidziwa, anangoiwala kunyamula imodzi yokha.