Wogwirira akatuluka m'ndende, amamuyang'anira ndani?

Mu Meyi 2025, boma la Britain lidalandira lipoti la David Gauke lolimbikitsa kuti akaidi ambiri azimalizira chilango chawo kunja pofuna kuchepetsa kuthithikana m'ndende za ku England ndi Wales. Nduna ya zachilungamo panthawiyo, Shabana Mahmood, idalengezanso kuti m'ndende 20 ayamba kupereka mankhwala ochepetsa chilakolako kwa ena mwa opezeka olakwa pa milandu yogwirira. Mankhwalawo ndiwo adatenga malo m'nyuzipepala, koma chitetezo cha amayi ndi ana chagona pa anthu amene amayang'anira mkaidi akabwerera kumudzi.

Kuyambira 1997, dzikolo lili ndi kaundula wa ogwirira. Lamulo la 2003 limati wolakwa adziwitse apolisi dzina ndi komwe akukhala pasanathe masiku atatu, ndipo azinena akasamuka kapena akafuna kupita kunja. Pansi pa ndondomeko ya MAPPA, yomwe idayamba mu 2001, apolisi, akuluakulu a ndende ndi maofesala a probation amakhalira pamodzi kuunika munthu aliyense ndi kugamula kuti ayang'aniridwe motani.

Anthu ambiri amaganiza kuti kulengeza maina ndiwo mankhwala. Mu Julaye 2000, Sarah Payne wa zaka 8 ataphedwa ndi Roy Whiting, yemwe adagwirapo kale ukaidi chifukwa choba ndi kuchitira nkhanza mwana wina, nyuzipepala ya News of the World idayamba kusindikiza maina ndi zithunzi za ogwirira. Ku Paulsgrove, mumzinda wa Portsmouth, kudabuka zipolowe, anthu osalakwa adavutitsidwa, ndipo apolisi adachenjeza kuti wolakwa akathawa n'kubisala, palibe amene angamulondole. Boma lidasankha njira ina, yomwe idafalikira mu 2011: kholo limafunsa apolisi mwachinsinsi za munthu amene amakhala pafupi ndi mwana wake.

Ngozi yaikulu yagona pa kuunika molakwika. Mu Juni 2022, Jordan McSweeney adachitira nkhanza zachiwerewere ndi kupha Zara Aleena ku Ilford, patangotha masiku 9 chitulukireni m'ndende. Bungwe loyendera ntchito za probation lidapeza kuti adaikidwa m'gulu la oopsa pakatikati pomwe amayenera kukhala m'gulu la oopsa kwambiri, ndipo maofesala adali ndi ntchito yowachulukira. Nthambiyi idafooka boma litapereka gawo lake kwa makampani mu 2014, mpaka pomwe lidaibweza m'manja mwake mu 2021.

Kaundula amangosunga zinthu monga dzina ndi adiresi. Amene amateteza mwana ndi ofesala amene ali ndi nthawi yowerenga mbiri yonse ya mkaidi, kumuchezera kunyumba ndi kumubweza m'ndende akaphwanya malamulo. Boma likatulutsa akaidi ambiri popanda kulemba ntchito maofesala okwanira, katundu amene walilemera lidzamutula pakhomo pa anthu wamba.