Madzi a m'mitsinje yathu nawonso apimidwe

Alimi anzathu, mu February 2022 boma linalengeza kuti poliyo yabweranso m'Malawi, mwana wina atapuwala ku Lilongwe. Matendawa anali ataoneka komaliza mu 1992. Chaka chomwecho cha 2022, unduna wa zaumoyo mothandizidwa ndi bungwe la WHO unayamba kutunga madzi a zonyansa m'malo 11 ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu n'kumakawapima ku labotale.

Nzeru yake ndi iyi: munthu amene watenga kachilombo ka poliyo amakatulutsira m'chimbudzi kwa masabata angapo, ngakhale asakumva kudwala. Mwa anthu pafupifupi 200 otenga kachilomboka, amapuwala ndi mmodzi. Enawo amangoyenda, kulima ndi kupita kumsika uku akukafalitsa. Choncho botolo limodzi la madzi a m'suweji limaulula zomwe zabisala m'dera lonse, ndipo achipatala amathamangira ndi katemera mwana wina asanalumale.

Njirayi ndi yabwino, koma inayambira m'tauni, ndipo ife sitikufuna ithere komweko. Kuno ku Nchenachena kulibe suweji. Zimbudzi zathu ndi zokumba, ndipo mvula ikagwa zonyansa zina zimakokolokera m'mitsinje yotsika ku Nyika kukathira mu South Rukuru, momwe timachapa, kuthirira madimba komanso kutsuka khofi.

Ena anena kuti popanda mapaipi palibe chopima. Si zoona. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome anatunga madzi m'mitsinje ya mumzinda wa Blantyre pakati pa 2020 ndi 2022 ndipo anapezamo kachilombo ka Covid-19. Inde, kumudzi anthu timakhala motalikirana, kotero kachilombo kangavute kukapeza m'madzi ambiri. N'chifukwa chake tikuti ayambe kumunsi kwa malo amene anthu amaunjikana, monga pa Rumphi boma, Bolero ndi Phwezi, makamaka nyengo yokolola pamene aganyu ndi ogula mbewu amabwera kuchokera kutali.

Poliyo ilibe mankhwala ochiza. Mwana akapuwala, mayi amasiya khasu, ndipo ndalama ya feteleza imathera pa thiransipoti yopitira ku Mzuzu.

Tikupempha ofesi ya zaumoyo ndi khonsolo ya Rumphi kuti ziike mitsinje yathu pa ndondomeko yopima madzi. Zotsatira zake zisamathere m'maofesi ayi, alangizi a zaumoyo azidzatiuza m'Chitumbuka pa misonkhano ya m'midzi. Atcheyamani a makalabu, tengerani nkhaniyi ku msonkhano wotsatira wa VDC, ndipo muonetsetse kuti mlembi wailemba kuti ikafike ku ADC.